Mtengo wa Nimu: Ubwino Wake Pakhomo ndi Pamene Ulekezera

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwalawira tambala atangolira, ndipo ana ayamba kale kutakataka kumbuyo. Komabe tisanayambe kukweza ana pa sikelo, ndikupemphani kuti mutchere khutu pang'ono, pakuti nkhani ya lero ikukhudza mtengo umene ambiri a inu muli nawo pakhomo, mtengo wa nimu.

Ine ntchito yanga ndi yoyendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo ophera nyama. Poyenda m'midzi ya kuno kotentha, nthawi zambiri mphasa amandiyalira patsinde pa nimu, ndipo tikatha kukamba za chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, funso limene limatsatira ndi lomwelo: "Bambo a zaukhondo, kodi nzoona kuti mtengo uwu umachiza matenda onse?" Pamphasa ndimayankha mwachidule chifukwa cha ulendo. Lero ndiyankha mofatsa.

Nimu si mtengo wa makolo athu monga mlambe kapena msangu, ngakhale akatswiri a mitengo amati iye ndi mbawa ndi a banja limodzi. Kwawo ndi ku India ndi ku Burma, dziko limene tsopano litchedwa Myanmar, ndipo kuno ku Africa anachita kubwera naye anthu. Amakonda malo otentha. Nchifukwa chake mumamuona wochuluka ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga, pamene kumapiri kozizira sakula bwino. Anzathu olankhula Chiswahili ku Tanzania ndi ku Kenya amamutcha mwarobaini, dzina lochokera ku liwu lotanthauza 40, ati chifukwa amachiza matenda 40. Dzinalo nlokoma ndithu, koma si umboni.

Tiyambe ndi zabwino zake, pakuti ziripo zambiri. M'mwezi wa Okutobala, pamene mitengo ina yayoyola masamba ndipo nthaka ikuotcha kumapazi, nimu amakhala ali biriwiri. Mizu yake imapita pansi kwambiri, motero sachita mantha ndi chilala. Mthunzi umenewo ndi mankhwala kale kwa mwana, chifukwa mwana wosewera padzuwa la masana amataya madzi ambiri m'thupi. Mukadulira nthambi zimaphukanso, ndipo mumapeza nkhuni popanda kupita kuphiri. Milimo ndi mitengo ya denga ya nimu chiswe sichifulumira kuidya. Chenjezo nlimodzi: musabzale pafupi ndi khoma la nyumba, chitsime kapena chimbudzi, popeza mizu yake imang'amba maziko.

Ntchito yake yaikulu, imene akatswiri anaiyesa naitsimikiza, iri kudimba. M'chaka cha 1959, dzombe litagwa m'dziko la Sudan, katswiri wina wa tizilombo wa ku Germany, dzina lake Heinrich Schmutterer, anaona chodabwitsa. Dzombe lija linali litamaliza masamba a mitengo yonse, koma nimu yekha anatsala wobiriwira. Linkatera pamtengopo, koma osadya. Mu 1968 akatswiri a pa yunivesite ya Keele ku England anapatula m'njere za nimu chinthu chimene chimachititsa zimenezi, ndipo anachitcha azadirachtin. Chinthuchi sichipha kachilombo nthawi yomweyo ai. Chimakachotsera chilakolako cha kudya, chimakalepheretsanso kufundula, kotero kuti mbozi siikula ndipo imafa patapita masiku.

Mwina mukudabwa kuti za kudimba zikubwera bwanji pa sikelo ya ana. Mpiru, chainizi ndi kabichi zimene mbozi ndi nsabwe zimakulandani ndizo ndiwo zimene tikukuuzani mwezi ndi mwezi kuti muzisinjira m'phala la mwana. Mankhwala a m'sitolo ngodula, ndipo ena ngoopsa kuwasunga m'nyumba ya ana. Tsono tolani zipatso za nimu zakupsa zimene zagwa, chotsani mnofu, tsukani njerezo ndi kuziyanika mpaka ziume gwa. Zimene zachita chuku tayani. Ziswani, tengani za m'katizo pafupifupi theka la kilogalamu, zisinjeni, ndipo muziviike m'malita 10 a madzi usiku wonse. M'mawa sefani ndi kansalu. Kuwaza kwake kukhale madzulo, pakuti dzuwa limafooketsa mphamvu yake, ndipo ngati mulibe chopopera, kachitsache ka udzu kakwana. Bwerezani pakatha mlungu. Mtondo wosinjira njerezi ukhale wake wake, osati umene musinjira nsinjiro. Madzi otsala musawathire m'botolo la zakumwa, chifukwa mwana akaona botolo lotero amadziwa chinthu chimodzi chokha, kumwa. Ndiwo zowazidwa muzitsuke bwino musanaphike.

Masamba ouma, oyanikidwa pamthunzi, amathandiza kuchedwetsa anankafumbwe mu nyemba, khobwe ndi nandolo mukawasanganiza mumtsuko kapena m'thumba. Ndanena kuti kuchedwetsa. Musatseke thumba ndi kuliiwala mpaka mvula. Muzitsegula ndi kuona. Chimanga chambiri chofuna kusunga chaka chonse chimasungika bwino m'matumba osalowa mpweya a PICS, amene alangizi a zaulimi angakuonetseni kamangidwe kake. Masamba omwewo mukawaika m'sutikesi amathamangitsa njenjete m'zovala.

Kanthambi kanthete ka nimu ndi mswachi wabwino, ndipo ku India anthu ambiri akhala akutsukira mano kuyambira kalekale. Tafunani nsonga yake mpaka ifewe, tsukani, lavulani. Akulu ndi ana osinkhuka amene adziwa kulavula angathe kutero, aliyense ndi kake. Madzi owiritsa masamba, atazizira, ena amasamba pofuna kuziziritsa kuyabwa kwa khungu. Kwa munthu wamkulu sindiletsa. Koma madziwo asalowe m'maso, asathiridwe pa bala lotseguka kapena pamene mwana wapsa ndi moto, ndipo pa mchombo wa khanda pasapite kanthu kena koma mankhwala amene anamwino akupatsani. Mphere nazonso sizitha ndi kusamba kokha. Kachilombo kake kamakumba m'kati mwa khungu, motero banja lonse liyenera kudzola mankhwala a kuchipatala nthawi imodzi, zofunda ndi zovala zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa.

Za kufukiza masamba pothamangitsa udzudzu ndingonena mawu awiri. Utsi umatha musanagone tulo tachiwiri, pamene udzudzu wa malungo umaluma usiku wonse kufikira mbandakucha. Utsiwo, m'nyumba yotseka, umapwetekanso chifuwa cha khanda. Fukizani pabwalo pocheza ngati mufuna, koma pogona mwana alowe m'neti, usiku uliwonse, mvula kapena chilimwe.

Tsopano yang'anani nthambi ziwiri izi zimene ndatenga. Iyi ndi nimu. Iyi ndi indya, umene ena amati ndya, ndipo umapezeka kwambiri m'misewu ndi m'masukulu, ngakhale kumtunda kozizira. Anthu ambiri amaisokoneza, ena mpaka kumautcha indya kuti nimu. Tsamba la nimu liri ndi kamtengo kamodzi, timasamba topindika ngati chikwakwa titandandalika uku ndi uku. Tsamba la indya limachita nthambinthambi. Maluwa a nimu ngoyera. A indya ngofiirira motuwa, ngati maluwa a mbatata. Chipatso cha nimu nchotalikirapo ndipo chikapsa chimagwa. Cha indya nchozungulira ngati nsangalabwi, chachikasu, ndipo chimakhala chiri lende mumtengo ngakhale masamba atayoyoka. Zipatso za indya ndi poizoni. Zimapha nkhumba, ndipo mwana wokwawa amene watola zingapo naika m'kamwa angathe kudwala koopsa. Sesani pansi pa mtengo umenewu ngati uli pakhomo panu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukakayika mtengo, thyolani nthambi mudzatifunse.

Ndafika pa chimene ndaimira pano. Zonse zimene ndayamikira nimu zikuchitika kunja kwa thupi: pabwalo, kudimba, m'thumba la nyemba, pakhungu. Vuto limayamba pamene madzi a nimu alowa m'kamwa mwa mwana wotentha thupi.

Chaka china m'nyengo ya dzinja ndinapita kumudzi wina kukathira mankhwala m'zitsime zimene zinalowa madzi osefukira. Pakhomo pena ndinapeza mayi atakhala pakhonde, mwana wa zaka ziwiri ali pamiyendo, wofooka ngati nsalu yonyowa. Pamoto panali kamphika ka masamba a nimu. Nditafunsa, anati thupi linayamba kutentha Lolemba, ndipo tsikulo linali Lachinayi. Agogo ake anawiritsa nimu. Mwanayo atakana chifukwa cha kuwawa, anamutsina mphuno namumwetsa. Atasanza, iwo anati ndiwo matenda akutuluka. M'mawa mwake thupi linazizira, ndipo onse anati mankhwala agwira. Madzulo linatenthanso, nawonjezera masamba mumphika. Nditatambasula kadzanja ka mwanayo, chikhatho chinali choyera ngati pepala. Tinamunyamula pa njinga yamoto nthawi yomweyo. Kuchipatala anapeza malungo, ndipo magazi anali atatsala pang'ono kutha, kotero kuti anachita kumuwonjezera magazi. Anachira, koma madokotala anatiuza kuti tikadagona usiku wina tikadanena zina.

Sindikusimba izi kuti ndichititse manyazi mayi uja kapena apongozi ake. Mwanayo ankamukonda, sanagone masiku atatu, msewu unali matope okhaokha, ndipo anachita chimene anaona ena akuchita. Chimene chinawanyenga ndi khalidwe la malungo. Malungo amatenthetsa thupi, nkuleka, nkuyambiranso. Pamene thupi lazizira, tizilombo sitinafe ai. Tiri m'kati mwa magazi, tikuswana ndi kuwaphwanya. Munthu wamkulu amene wadwalapo malungo kambirimbiri thupi lake limadziwa kulimbana nawo pang'ono, ndipo akamwa nimu nkupeza bwino amayamika mtengo. Mwana wa zaka ziwiri alibe chitetezo chotero, ndipo magazi ake ngochepa. Masiku atatu amene bambo ake angapirire, iye angathe kumutenga.

Ndiponso si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Kungakhale chibayo, mafinya a m'khutu, chikuku, kapena matenda oumitsa khosi. Inu simungadziwe poyang'ana, inenso sindingadziwe. Kuchipatala, ndiponso kwa alangizi a zaumoyo amene ali ndi chipatala cha m'mudzi, amatenga kadontho ka magazi pachala, ndipo pasanathe theka la ola yankho latuluka. M'zipatala za boma simulipira kanthu. Akapeza malungo amapereka LA molingana ndi kulemera kwa mwana, chifukwa chake sikelo iyi si yongosangalatsa. LA amamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi. Mumwetseni atayamwa kapena atadya phala la nsinjiro, popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pamodzi ndi chakudya cha mafuta. Amalize onse, ngakhale tsiku lachiwiri ayambe kuthamanga pabwalo. Musasungireko mng'ono wake.

Wina anena mumtima kuti, "Anthu a chipatala amanyoza mitengo." Sitinyoza. Kwinini, amene anapulumutsa anthu ambiri ku malungo, anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Gawo lina la LA limachokera ku chitsamba cha ku China. Nimu nayenso akatswiri anamufufuza, ndipo anapeza kuti muli zinthu zimene zimafooketsa tizilombo ta malungo m'mbale za m'nyumba zoyesera. Koma mbale si mwana. Palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti madzi a nimu amachiza malungo m'thupi la munthu, ndipo palibe muyeso wodziwika umene tinganene kuti uwu ngwabwino kwa mwana. Kamphika ka dzulo munaikamo masamba dzanja limodzi, ka lero manja awiri; dzulo kanawira pang'ono, lero kanaiwalika pamoto. Mwana wamwa zingati? Palibe angayankhe.

Taganizirani za mankhwala a boma omwe. Agogo muli pano mukukumbukira kolorokwini, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Atayesa napeza kuti tizilombo tamuzolowera, dziko lathu linamusiya mu 1993, ndipo linali loyamba mu Africa kutero, nkuyamba Fansidar. Fansidar naye atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Mankhwala a kuchipatala amayesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo akalephera amachotsedwa. Nanga kamphika ka pakhomo amakayesa ndani? Ambiri timakhulupirira kuti chowawa ndicho mankhwala. Ndulu ya mbuzi nayo njowawa, koma palibe anaimwetsapo mwana.

Nimu samangochedwetsa chithandizo, angathenso kuvulaza. Mu 1981 madokotala a ku Malaysia analemba za ana 13 amene anamwetsedwa mafuta a njere za nimu monga mankhwala a pakhomo. Patangopita maola ochepa anawo anayamba kusanza, kuwodzera mosadzuka ndi kusokonezeka bongo. Ku India nakonso madokotala aona zotere, ndipo ana ena anamwalira. Mafuta amenewa tsopano ndimawaona m'misika yathu, m'timabotolo topanda chizindikiro cha amene anapanga, wogulitsa akulonjeza kuti achiza njoka za m'mimba, chifuwa ndi malungo. Mafuta a nimu asalowe m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu mwa mwana, ngakhale kadontho. Madzi a masamba mphamvu yake siifika pa ya mafuta, komabe amasanzitsa, ndipo mwana amene watentha kale thupi akasanza amatha madzi msanga. Kumutsina mphuno nkoopsanso pakokha, chifukwa madziwo angalowe m'mapapo nkuyambitsa chibayo. Mwana akamwa mafutawa mwangozi, kapena akadya zipatso za indya, musamusanzitse. Thamangani naye kuchipatala, mutatenga botololo kapena nthambi ya mtengowo.

Khanda losakwana miyezi 6 lisalawe kanthu kena koma bere lokha, ngakhale madzi. Inu amene muli oyembekezera, ndi inu oyamwitsa, nimu musamwe. Poyesa pa nyama anapeza kuti amalepheretsa kutenga bere ndiponso amatayitsa bere, ndipo sitifuna kuti umboni wa pa anthu uchokere pa inu. Chokutetezani ku malungo pa nthawi ya pakati ndi neti ndi Fansidar amene mumamwera pamaso pa anamwino ku sikelo ya amayi. Ena amva kuti nimu ndi njira yolera. Musadalire zimenezo, njira zoyesedwa ziripo pompano, ndipo anamwino akufotokozerani mwachinsinsi. Kunyumba mukauzenso abambo ndi ena amene akumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi kuti asawasiye chifukwa cha botolo la kumsika.

Ndikudziwa chimene chikuvuta ena a inu. Mwamva zonsezi, koma kunyumba mwana si wanu nokha. Akatentha thupi usiku, apongozi ndiwo amayamba kufika, masamba ali m'manja, ndipo mtengwa kapena mkamwini sangawatsutse pamaso. Simuyenera kukangana nawo. Nenani mwaulemu kuti, "Amayi, kusikelo anatiuza kuti tiyambe takamuyezetsa magazi. Tiperekezeni, mukamve nokha." Agogo ambiri amene ndakumana nawo, akaona okha mizere iwiri itatuluka pa kachipangizo koyezera, ndiwo amasanduka okumbutsa nthawi ya mankhwala. Ndipo inu agogo muli pano, mawu anu ngolemera pamudzi kuposa anga. Mukanena inu kuti mwana apite kuchipatala lero, palibe amene adzati tidikire mawa.

Lamulo lake nlakuti mwana akatentha thupi, afike kwa achipatala tsiku lomwelo, lisanathe tsiku limodzi. Muli m'njira, muchepetsereni zofunda, mupukuteni ndi kansalu koviika m'madzi ofunda pang'ono, ndipo apitirize kuyamwa kapena kumwa. Koma mukaona kuti akukomoka kapena kugwedezeka ngati wa khunyu, akukana bere ndi chakumwa chirichonse, akusanza zonse, akupuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, zikhatho zayera, khosi lauma, kapena akugona osadzutsika, musadikire kuti kuche. Dzutsani anansi, pemphani njinga, nyamukani usiku womwewo. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, Malawi ali dziko loyamba pa dziko lonse lapansi. Funsani anamwino ngati akuperekedwa m'dera lanu ndi miyezi imene mwana ayenera kulandira. Katemerayu amachepetsa malungo oopsa, koma salowa m'malo mwa neti kapena kuyezetsa.

Amene mulibe nimu pakhomo ndipo mukufuna mthunzi ndi mankhwala a kudimba, njere zake sizichedwa kufa, motero muzifese zikadali zatsopano, pasanathe milungu yochepa chigwereni mumtengo. Fesani m'timachubu, thirirani, ndipo mudzaokere mvula ikakhazikika, potalikira ndi nyumba. Mutchingire ndi minga, pakuti mbuzi m'chilimwe sizisamala za kuwawa.

Nthambi ziwirizi ndizisiya pa tebulo apa kuti aliyense azigwire ndi kuzisiyanitsa potuluka. Tsopano konzani mabuku a ana. Amayi amene ana anu atentha thupi lero kapena usiku wathawu, musakhale pamzere. Imirirani mubwere kutsogolo kuno, tiyambe ndi inu.